Mmene a Chikapa Anatayira Kambwiri

Mwambi wa mkuyu uja unayamba motere, adzukulu, ndipo muyambe mwaleka kuseka galimoto yanga yakaleyi mpaka nditatsiriza. Ena adzakuuzani kuti ndi mwambi wa makolo akalekale. Asiyeni. Ine tsiku limenelo ndinalipo, ndinkaimba besi m'kwaya.

Ku mapiri a Neno kunali mlimi wa mbatata ya kachewere, dzina lake Yotamu Chikapa. Anali ndi galimoto yakale, ya zija zimene matayala onse anayi amakoka, ndipo anthu ankaitcha Kambwiri chifukwa inatha ngati khasu la zaka zambiri. Utoto unasuluka kalekale. Chitseko cha kumanzere ankachimanga ndi mphira. Koma msewu wa kumeneko, chilimwe ndi miyala yokhayokha, dzinja ndi matope a m'mawondo, ndipo Kambwiri ankadutsa monsemo. Akakana kulira m'mawa, a Chikapa ankagogoda sitata ndi sipanala kawiri, basi. Tsiku lina lamba wa fani anaduka pakati pa phiri, iwo n'kumangapo duku la akazi awo, Nangondo, n'kufika kunyumba dzuwa lisanalowe.

Chaka china mbatata inachita bwino, ndipo chaka chomwecho mwana wawo Felesiya anapeza banja. A Chikapa anapita ku Blantyre kukagula suti ya ukwati, koma anabwerako ndi galimoto yatsopano. Inali yofiira, yonyezimira moti munthu akanatha kumeta ndevu akudziyang'anira pachitseko. Poiliza ankangodina batani. Ikamabwerera m'mbuyo inkaonetsa pa kagalasi nkhuku zimene zili kumbuyoko.

"Nanga Kambwiri?" anafunsa Nangondo.

"Mwana wanga sangapite ku tchalitchi m'chiphakasa," anatero a Chikapa. "Apatseni achimwene anu azinyamulira nkhuni."

Achimwene a Nangondo, a Lufeyo, analandira kiyi wa Kambwiri ndi manja awiri. Kenako anazungulira yatsopano ija, n'kupempha kuti aone m'boneti. Anapezamo chivundikiro chakuda cha pulasitiki kuyambira uku mpaka uko.

"Alamu, injini yake ili pati?"

"Ili m'katimo. Sifunika kuiona. Muli kompyuta, imadziwa yokha chochita."

"Nanga ikadwala pakati pa phiri, mugogoda pati?"

"Zatsopano sizidwala, alamu."

A Lufeyo anatseka boneti. Anakwera Kambwiri, n'kumanga chitseko ndi mphira, n'kumapita.

Kunatsala milungu itatu kuti ukwati uchitike. A Chikapa ankaopa fumbi, ankaopanso kuti dzuwa lisulutsa utoto, ndiye anakaimika galimotoyo pansi pa mkuyu wa kuseri kwa nyumba n'kuifunditsa lona. Inali nyengo yoti nkhuyu zapsa, zikungogwa tsiku lonse. Shuga wa thobwa la ukwati atabwera, a Chikapa anati m'nyumba muli makoswe, malo otetezeka ndi m'galimoto. Paketi imodzi inang'ambika poikamo, iwo n'kungopukutira shugayo kunsi kwa mpando.

"Bambo a Felesiya, muziiliza nthawi zina," anatero Nangondo. "Ngakhale mwendo ukakhalitsa umachita dzanzi."

"Idzalira pa tsiku lake. Anthu akaizolowera, paukwati adzaona chiyani?"

Madzulo oti mawa ndi ukwati anaikamonso keke.

Tchalitchi chinali kutsidya kwa kamtsinje, ulendo wa ola limodzi. Abusa anali atanena kale kuti ikakwana leveni koloko anyamuka kupita ku mpingo wina, ndipo kuno abweranso mwezi wamawa. A Chikapa anavundukula lona, n'kudina batani, galimoto n'kulira bwinobwino. Mkwatibwi ndi amayi ake anakhala kumbuyo, keke ili pamiyendo pa Nangondo. Ife a kwaya, mapoto ndi nkhuni tinakwera Kambwiri, ndipo tinauzidwa kuti tizitsatira patali kuti tisaononge zithunzi.

Mpaka pa kamtsinje paja zonse zinali bwino. Matayala atangolowa m'madzi, galimoto inayamba kulira ngati kamwanapiye. Timagetsi tofiira ndi tachikasu tinayaka kutsogolo kwa chiwongolero, panatulukanso mawu a Chingerezi amene a Chikapa sanawamve. Kenako inazima, pakati penipeni pa madzi.

"Palibe vuto," anatero a Chikapa.

Anatsegula boneti, n'kutsika ndi nsapato zawo zatsopano m'madzi, n'kutseka chitseko. Zitseko zonse zinayi zinadzikhoma nthawi imodzi. Anadina kabatani ka m'thumba kotsegulira, koma sikanayankhe.

Tsono munthu amachita chimene anazolowera. A Chikapa anali ndi sipanala yawo yakale m'thumba la suti, chifukwa sankayenda opanda iyo. Anayang'ana pogogoda, osapaona, ndiye anangogogoda chivundikiro chija kawiri. Galimoto inayamba kukuwa moti ng'ombe zimene zinkamwa madzi kumunsi zinathawa. Abambo ena odutsa anavula nsapato kuti akankhe, koma matayala sanasunthe. Galimoto zosintha zokha magiya siziliranso ndi kukankha.

Pamenepo Felesiya anagogoda galasi m'katimo.

"Ababa, muno muli nyerere."

Zinkatuluka m'timabowo ta mphepo yozizira, mizere iwiri. Mzere wina unkapita ku keke, wina unkakwera velo ya mkwatibwi. Nangondo ankazisasa ndi mpango uku keke ataigwira ndi dzanja limodzi. Magalasi sakanatsika, popeza nawonso ankayendera magetsi.

Ife tinafika tikuimba, ndipo nyimbo inathera pakamwa. A Lufeyo anatsika, n'kuyang'ana wotchi. Inali itadutsa teni koloko. Anayesa zitseko chimodzichimodzi, kenako anakatenga chitsulo cha jeke.

"Alamu, sankhani. Galasi kapena mwana?"

A Chikapa anayang'anitsitsa galasi lija nthawi yaitali kuposa imene bambo wa mwana ayenera kuganizira funso lotero.

"Bambo a Felesiya," anatero Nangondo kuseri kwa galasi, "ndikukuonanitu."

"Iswani," anatero a Chikapa, akuyang'ana kumbali.

Mkwatibwi anatulukira pagalasi la kumbuyo, amayi awiri a kwaya n'kumunyamula kuti diresi isakhudze madzi. Anamukhazika kutsogolo kwa Kambwiri, a Lufeyo n'kumanga chitseko ndi mphira. Nangondo anatulukira pomwepo ndi keke, iwo ndi a Chikapa n'kukwera kumbuyo limodzi ndi ife. Kambwiri anadutsa m'mbali mwa yatsopano ija, madzi akufika m'zitseko, n'kuyamba chitunda. Pakati pa chitundacho nayenso anazima. Palibe amene anada nkhawa. A Lufeyo anatsika, n'kubwereka sipanala ya alamu awo, n'kugogoda kawiri, ulendo n'kupitirira.

Tinapeza abusa atavala kale chipewa cha njinga yamoto. Anachivula, ndipo ukwati unamangidwa. Pa malumbiro Felesiya ankangodzikanda pakhosi, anthu n'kumati ndi manyazi. Keke tinaipala pamwamba n'kudya.

Lolemba lake Kambwiri anakoka galimoto yatsopanoyo ndi chingwe mpaka pansi pa mkuyu paja. Amakaniko a pamsika anabwera, koma onse anangoizungulira manja ali kumbuyo. Wodziwa zake anachokera ku Blantyre patatha masiku asanu ndi anayi, atanyamula kakompyuta kake. Anamasula kabokosi kena kunsi kwa chiwongolero n'kukaika padzuwa. Munali mudzi wathunthu wa nyerere, ndi mazira omwe.

"Zinalowa kufuna shuga, n'kupeza nyumba yabwino," anatero mmisiriyo. "Madzi aja anangotsiriza ntchito. Kabokosi aka sitikonza, bambo. Timaitanitsa kunja. Mudikire miyezi itatu."

"Waya sangathandize?" anafunsa a Chikapa.

"Iyi simva waya."

Mbatata ina inali itakhwima m'munda, ndipo ogula sadikira miyezi itatu. A Chikapa anavula chipewa n'kutembenukira kwa a Lufeyo, amene anali atakhala pa muzu wa mtengowo.

"Alamu, Kambwiri uja munali kumugwiritsa ntchito kwambiri?"

"Nkhuni zanditangwanitsa," anayankha a Lufeyo. "Koma Lachiwiri ndi Lachisanu mukhoza kumubwereka. Mungosamala chitseko."

N'chifukwa chake, adzukulu, anthu a kumapiri amaumirira galimoto zakale. Kuipa kwake kumakhala poyera, ndipo munthu amadziwa pogwira.

Tsiku limenelo Nangondo analinso pansi pa mkuyu paja. Anawerama n'kutola nkhuyu imodzi yofiira bwino imene inagwera pa boneti, n'kuipereka kwa amuna awo.

"Idyani, bambo a Felesiya. Mwakhala osadya chiyambire m'mawa."

A Chikapa anaibenthula pakati ndi zala, n'kuyang'ana m'kati mwake, n'kuyang'ananso kabokosi kali padzuwa kaja. Sanaidye. Anaiika pansi pang'onopang'ono, n'kunena mawu amene a Lufeyo anakawafikitsa pamsika tsiku lomwelo:

"Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."