Simbi Yanga ndi Madisiki a Mayi Nabanda

Anzanga, pali uchitsiru wina umene umabwera utavala tayi. Masiku a chipani chimodzi aja ndinali kalaliki pa kaofesi koyeza nsomba ku Senga Bay. Kompyuta inalipo imodzi yokha, ya madisiki ofewa aja, ndipo ankaigwira ndi Mayi Nabanda, otaipa makalata. Mayiwa anali ndi lamulo lawo: zatsopano zilembedwe kaye pa disiki ina, kanyali kofiira kosonyeza kuti kompyuta ikulemba kazime, mutsegule muone ngati zalowadi, kenako ndiye mukhudze zakale. Ine ndinkangoseka. Makina odula chonchi angaiwale ngati munthu?

Tsiku lina anawaitana kokayeserera magule a chipani, kumene kunalibe zokana, ndiye anandisiyira ntchito yomaliza kulowetsa miyezo ya chambo ndi utaka ya miyezi itatu. Bwana wa ku Lilongwe amabwera masana kudzatenga. Mapepala akale anali atadyedwa ndi chiswe, kunangotsala a sabata imeneyo, choncho disiki ikanawonongeka, ntchito yanga inali yothera pompo.

Ndinamaliza msanga, ndi kusunga zatsopano pamwamba pa zakale, pa disiki yomweyo. Kanyali kakuyakabe, ndinakumbukira kuti malaya anga olandirira bwana ndi okwinyika, ndiye ndinabaya simbi pa soketi yomweyo ya kompyuta. Phu! Fyuzi yapita, kompyuta zii.

Ndinasintha fyuzi, ndi kuyatsanso. Dzina la fayilo ya miyezo ija lilipo bwinobwino! Mtima unakhala pansi. Kodi ndinatsegula kuti ndione zam'kati? Ayi, munthu wophunzira ine. M'malo mwake ndinatenga m'dilowa disiki yachiwiri, imene inali ndi fayilo yabwino, ndi kukoperapo fayiloyo pamwamba pa yabwino ija, ati kuti mayi aja adzanditame.

Bwana atafika ndinatsegula modzikuza. Abale inu! Mizere ingapo ya chambo, kenako tinkhope tosekerera, timitima ndi timivi mpaka pansi.

"A Phiri, nsomba zimenezi ndi za nyanja iti?" anafunsa bwana.

Ndinalowetsa yachiwiri ija. Tinkhope tomwe tija, tikundiseka ine.

Apo ndi pamene Mayi Nabanda analowa, nsalu ya chipani ili m'chiuno, fumbi mpaka m'mawondo. Anayang'ana kamodzi kokha.

"Magetsi anazima kanyali kakuyaka, eti? Kompyuta inali itakhuthula zakale, zatsopano isanamalize kuthira. Dzina pa thumba si usipa, achimwene."

Sanakalipe, ndipo zimenezo ndi zomwe zinandipweteka kwambiri. Anapisa m'chikwama chawo, m'munsi mwa buku la nyimbo, ndi kutulutsa disiki yachitatu yokulunga m'kampango, ya dzulo lake. Zala zawo zinathamanga ngati mvula pa malata, ola lisanathe mapepala a sabatayo anali atalowa, ndipo onse atatu tinadikira kanyali kaja mwaulemu mpaka kazime. Mayi amene uja, kunena zoona, ndinkayenera kumunyamulira chikwama tsiku lililonse.

Ndikuti ndapulumuka, bwana ananunkhiza m'mwamba. "Chikupsa n'chiyani?"

Simbi ija sindinaizule. Magetsi atabwerera inapitiriza ntchito yake kuseri kwa kabati, pamsana pa malaya anga oyera, mpaka kufika pa tebulo la boma.

"Koma iyi yokha yalemba mpaka kumaliza," anatero Mayi Nabanda, akukweza malayawo ndi kundiyang'anira pabowo.

Kuyambira tsiku limenelo, kanyali kofiira kakayaka, ine manja kumbuyo. Malaya okwinyika sanachotsetsepo munthu ntchito.