Munda wa a Nabanda

Nkhani iyi ndikaikumbukira manyazi amandigwirabe, ngakhale tsitsi layera.

Inali nthawi ya Chitaganya, malamulo a malimidwe atavuta, ine ndili mphunzitsi wa katekisimu ku Chezi. Wolima kuphiri osaika milambala ankamuzulira mbewu ndi kumutengera kukhoti. Tsiku lina mlangizi wa boma anandipeza panjira, ali ndi mesenjala, nkuloza munda wa mtedza wopanda mlambala ndi umodzi womwe.

"Aphunzitsi, inu simunama. Mundawu ndi wa yani?"

Unali wa a Nabanda, mayi wamasiye wa ana anayi, wodwala msana. Anthu anayamba kusonkhana.

M'mutu mwanga munabuka mlandu. Abambo a ku mishoni ankatiphunzitsa kuti bodza ndi tchimo, ngakhale lopulumutsa munthu. Alamu anga, munthu wowerenga mabuku, ankati chabwino ndi chomwe chaliritsa anthu ochepa. Ndinaima ngati chitsa, nkuti, "Tandilolani ndiganize kaye." (Munthu wamkulu, kuganizira dzina la munthu wa khomo loyandikana ndi langa!)

Kenaka ndinayesa ukathyali. "Bwana, nthaka yonse ndi ya Mulungu."

"Chabwino," anatero mlangizi. "Poti Mulungu sitingamutengere kukhoti, tizula minda yonse ya phiri lino."

Apa zinanditembenukira. Mabanja asanu olima m'phirimo mbali iyi, mayi mmodzi mbali inayo. Tsopano m'mutu mwanga Abambo ndi alamu anga anagwirizana kuti nditchule dzina, mtima wanga wokha ndi umene unkakana. Thukuta lili kamukamu, ndinayamba kuwerenga pa zala ana a m'mabanja asanu aja, anthu onse akuona.

Ndisanamalize dzanja lachiwiri, a Nabanda anatuluka m'gulumo atagwira msana.

"Asiyeni aphunzitsiwa, angakomoke. Munda ngwanga."

Mesenjala anazula mtedza wonse, uli pa maluwa. Powatenga, mayiwo anandiyang'ana popanda ukali. "Aphunzitsi, ana mundionere."

Ndinamva chisoni chomwe sindinachimvepo. Ndili m'njira yobwerera m'pamene yankho linandifikira, mochedwa monga mwa nzeru zanga zonse. Ndikanangoti, "Bwana, tipatseni masiku awiri, milambalayo ndikumba ndine." Munalibe bodza m'menemo, ndipo mwina sakanalira aliyense. Msana wa a Nabanda ndinaudziwa chaka chonse. Ndinali ndi khasu, ndi manja awiri, koma manjawo ndinawerengera ana a eni.