Kusefa Ochedwa Pageti

Lolemba
Mwayi wafika! Bwana wa fakitale yathu ku Montague Gardens, kuno ku Cape Town, amva kuti wonyamula makatoni uja, ineyo, ali ndi digiri ya kompyuta. Akufuna mayina a onse ochedwa kuntchito mwezi uno, kuchokera mufayilo ya makina apageti. Ndikawapatsa pofika Lachisanu, mpando wa muofesi ndi wanga. Ndikulemba grep LATE, lamulo la pakompyuta losefa mizere ya ochedwa, ndikudina, mizere mbwee pasikirini. Yatha ntchito. Anthu ngati ine sitichedwa kukwera.

Lachiwiri
Ndikuwerenga mizere ija bwinobwino. Pamwamba penipeni: amalume. Omwe anandipezera ntchito ino. Omwe ndimagona m'chisakasa chawo ku Dunoon. Mwamwayi pali grep -v, imachotsa mzere uliwonse wokhala ndi dzina lomwe waiuza. Amalume zii. Munthu mmodzi si chinyengo ayi, ndi ulemu chabe.

Lachitatu
Amalume sasunga nkhani. Pankhomaliro ondifunsa kuti ndadzuka bwanji achuluka, ena akundiitana “achimwene” chikhalirecho ndi akulu kwa ine. Ochotsedwa lero:
a Mbewe, mkulu wa mpingo wathu;
a Saidi, poti filiji ya amayi ikupita kumudzi pangolo yokokedwa ndi galimoto ya mchimwene wawo;
Esinati wa kosindikiza malebulo. Sanapemphe. Ndangomuchotsa.
Lamulo langa latalika mpaka likukhota pasikirini.

Lachinayi
Andiimika kunja kwa geti. Anyamata a ku Zimbabwe akuti agogo awo anali a ku Dedza, ndiye ndife amodzi. Mayi wina wa Chikhosa, wokwatiwa ku Machinga: “Mlamu, ine si wanu?” Aliyense akatha kudandaula akuthamangira mkati, ine ndikutsala ndi wotsatira. Ndikulowa belu litalira kalekale. Masana onse: -v, -v, -v.

Lachisanu
Bwana aima kumbuyo kwanga. Ndikudina monyadira. Mzere umodzi wokha. Dzina langa, tsiku la dzulo.
“Fakitale yonseyi, wochedwa ndi wadigiri yekha?”
Ndikanena zoona, anthu ntchito iwathera, ine ndigona panja ndi mphepo ya ku Cape Town. Ndangoti inde bwana. Kalata yondichenjeza ndasindikiza ndekha, poti pulinta imawavuta. Za mpando sanazitchulenso.

Loweruka
Amalume akuti ndisadandaule, muofesi mumazizira, ndikanadwala chifuwa. Esinati ndakumana naye potunga madzi. Wandifunsa ngati ndine watsopano.

Lamulungu
Kutchalitchi a Mbewe akuchitira umboni kuti Yehova anachititsa khungu makina apageti, ana ake onse apulumuka. Mpingo wonse Ameni, amayi nthungululu. Inenso Ameni, chapansipansi.
Pobwerera amalume andikokera pambali. Akuti mawa ndidzuke m'mamawa. Anandibweretsa pantchitoyi ndi iwo, ndiye za kuchedwazi ndisawachititsenso manyazi.
Ndatchera alamu.