Kochi Miti ndi Apongozi Ake a Simenti

M'komboni yonse ya Nabvutika, munthu amene ankatcha zitini za simenti mayina a abale anali mmodzi yekha: a Sankhani Miti, amene tonse tinkangowaitana kuti Kochi. Ine Mainess ndikudziwa bwino, chifukwa chotilekanitsa chinali mpanda wa udzu, ndipo mpandawo unali ndi bowo lokwanira diso la munthu wokonda nkhani ngati ine.

Jimu yawo, malo olimbitsirako thupi, inali kuseri kwa nyumba, pansi pa mango. Musaganize za magalasi ndi nyimbo ayi. Panali mgolo wogoneka chammbali, thabwa lokolekapo mapazi, machubu akale a njinga, ndi zitini za penti zothira simenti. Kachitini kakang'ono anakatcha Mdzukulu. Chotsatira Mlamu, kenako Malume. Ndiye panali chimwala chimene anachiumbira m'beseni la akazi awo, mayi Dolika, mpaka beseni linang'ambika, ukwati n'kutsala pang'ono kung'ambika nawo. Chimenecho ndiye chinali Apongozi.

"Apongozi sakumbatiridwa," ankatero. "Umangowapatsa moni uli patali."

Eni akewo anali kamunthu kowonda, moti mphepo ya Ogasiti ikawomba tinkasuzumira kuti tione ngati akadalipo. Koma pa nkhani ya msana, eee! Nthenda iliyonse kwa iwo inali msana. Chimfine, msana. Mkazi wakuthawa, "Msana, mwana wanga, sunkaima mowongoka." Tsiku lina mkulu wa mpingo anawerama kuti atole buku la nyimbo, Kochi n'kufuula pakati pa mapemphero, "Pindani maondo, akulu!"

Maphunziro awo sanali ovuta kumva. Ugone chafufumimba pamgolo, mapazi pansi pa thabwa, uwerame, kenako udzuke pang'onopang'ono mpaka thupi liwongoke. Woyamba kumene, manja okha pachifuwa. Ukakhwima amakupatsa chubu chomangirira pachikhomo kuti uzikoka. Mdzukulu umamukumbatira patapita nthawi, iwo akakhutira.

Ndiye kunabwera Abel, chimphona chonyamula anthu ndi katundu panjinga. Msana unali utamugwira, njinga itatsamira khoma, ana kunyumba akuyang'ana m'mwamba. Mwamuna uja anafika ndi changu cha munthu amene ufa wamuthera.

"Kochi, ndipatseni cholemera ndichire msanga."

"Gona pamgolo. Manja pachifuwa."

"Popanda kanthu? Ine ndimachoka ku Kasenengwa ndi matumba a mtedza, mwini wake atakhala pamwamba!"

"N'chifukwa chake ukuyenda ngati bakha. Gona."

Anagona. Ife azimayi tinkaseka kumpanda, osabisa. Tsiku limene anamupatsa Mdzukulu, chimunthu chonse chija chitakumbatira kachitini ngati kapu ya tiyi, ine zitumbuwa zinandipserera pamoto chifukwa cha phwete.

"Kochi, anthu akundiseka."

"Asiye. Mano awo sakupalasira njinga."

Koma Abel mtima unali kunjinga. Kochi atapita ku Mtenguleni kukaonera mwambo wa Ncwala, kapena ndinene kukadzudzula misana ya ovina, iye anaona kuti mpata ndi womwewu. Anakunkhuniza Apongozi mpaka pamgolo, n'kuwakumbatira, n'kuwerama. Kuwerama anawerama ndithu. Kudzuka ndiye kunakanika.

"Amayi Mainess! Thandizeni, ndafa ine!"

"Wakumbatira ndani?"

"Apongozi."

"Mwano wakowo! Sanakuuze?"

Tinamutengera kwawo pa wilibala atapindika chomwecho, komboni yonse ikutiperekeza ndi chiseko. Koma titafika, mkazi wake Felesita anangoyang'ana mwamunayo, n'kuyang'ana njinga pakhoma. Ine chiseko chinandithera pomwepo, ndinachita manyazi.

Tonse tinkadikira kuti Kochi akabwera kugwa mvula ya mawu. Ayi ndithu. Anamuperekeza kuchipatala, ndipo adokotala atalola kuti ayambirenso, iwo ndi amene ankapita kwa Abel m'mawa uliwonse, chubu chili paphewa.

"Tiyambire pati, Kochi?"

"Manja pachifuwa."

Ulendo uno Abel sanatsutse. Anadutsa pachubu, anafika pa Mdzukulu, anakwera pa Mlamu. Atafika pa Malume, Kochi anati, "Apa basi. Msana wako ndi wodyetsa ana, si wodabwitsa anthu." Tsiku limene belu la njinga yake linaliranso mumsewu mwathu, Felesita analuluta ngati kuli ukwati. Woyamba kukwera anali Kochi, ndipo njira yonse ankamumenya kumsana kuti awongoke.

Dzinja lapitali Kochi anadwala masiku ochepa, n'kutisiya. Pa maliro, bokosi lili pansi, amuna a kujimu kwawo anabwera kuti anyamule. Anangoti awerame, mawu a Abel anamveka, abusa asanamalize n'komwe kutseka buku: "Pindani maondo! Msana uwongoke!" Anthu tinaseka misozi ili m'maso, ngakhale mayi Dolika anabisa nkhope m'chitenje mapewa akugwedezeka. Ndipo amunawo anapindadi maondo, n'kudzuka pang'onopang'ono monga anawaphunzitsira. Abel anagwira kumutu, anakana kulandiridwa mpaka kumanda.

Pobwerera anandiuza kuti, "Amayi, munthu uja anali wopepuka, sanafike n'komwe pa Malume. Koma ndinkafuna aone kuti ndanyamula bwino."

Lero pansi pa mango pali zii. Mgolo anautenga osungiramo madzi, Mdzukulu amatsekera chitseko kuti mphepo isachimenye. Apongozi okha ali pomwe tinawasiya, palibe amene wayerekeza kuwasuntha, ndipo mayi Dolika amakhalapo akamasenda mtedza. Ine ndimawasowa Kochi, ndinene zoona. Dzulo supuni inandigwa pakhonde, ndinawerama dala miyendo ili chiwongokere, n'kudikira. Kumpanda sikunamveke mawu. Ndinapinda maondo ndekha, n'kuitola.