Mbava Zitatu ndi Makina Osazimitsa

Pulani yonse inaphikidwa Lachiwiri masana patebulo lapulasitiki kuseri kwa msika wa Sham Shui Po ku Hong Kong, pakati pa mabotolo asanu a mowa ndi mbale imodzi ya nkhono zokazinga. Ndikuzidziwa chifukwa eni akewo anadzazifotokoza okha pamaso pa apolisi, akulandana mawu ngati akukamba za mpira.

Mkulu wa gululo anali Lau Kam-shing, wodziwika kuti Jenerale. Dzinali anapatsidwa monyogodola ali wamng'ono, koma iye analitenga ngati udindo. Wachiwiri anali Maso Anayi, wowonda, wamagalasi okhuthala ngati pansi pa botolo. Wachitatu anali Tong Chimimba, yemwe ntchito yake m'gulumo inali kuvomereza ndi kumaliza nkhono. Onse anali atadutsa zaka makumi anayi.

"Mafana, dilu nayi," anatero Jenerale. "Pali mzungu pa intaneti akufuna makina akale aja okopera magemu pa madisiki. Akuti akhale amoyo. Ndipo mu Hong Kong monse muno amoyo atsala amodzi."

"A madala Mak," anatero Maso Anayi.

"Madala Mak anatisiya. Watsala mwana wawo uja anathawa kukoleji. Loweruka ndi tsiku losesa kumanda, iye ndi mayi ake akakhala kuphiri. Tilowa, tizula, tituluka. Mphindi zitatu."

"Nanga loko?"

"Kiyi ali pamwamba pa bokosi la chozimitsira moto. Wakhala pamenepo chiyambire tili ndi makabudula."

"Ndiyetu si kuba kwenikweni," anatero Chimimba, mkamwa mutadzaza. "Ndi kutsegula chabe."

"Waona? Ngakhale mimba yamvetsa."

Mwana wothawa kukoleji uja ndine, Yiu-fai. Sindinathawe. Bambo atadwala ndinabwera kudzawagwirira shopu kwa mwezi umodzi, mweziwo n'kusanduka chaka, chakacho n'kuthera kumanda. Koma Jenerale sanandifunse.

Makinawo ndi bokosi lotuwa limene limakhalikidwa pamwamba pa chosewerera magemu chakale, n'kumawerenga gemu kuchokera pa timadisiki tamakona anayi. Bambo anakonza mabokosi otere zaka makumi atatu m'kashopu kathu ka pansi pa msika wa makompyuta. Makasitomala akasowa, ankasewera gemu imodzi yaitali ya ankhondo ofunafuna mzinda wotayika. Pamene afika pankasungidwa mkati mwa bokosilo ndi kabatire konga batani la malaya.

Nditayatsa makinawo patatha mwezi chimwalirireni, ndinapeza ulendo wawo wonse ulipo. Nditayeza kabatire, ndinapeza katatsala pang'ono kuferatu. Zinatanthauza kuti magetsi akangozima kamodzi, zonse zapita. Njira yokha inali kukopera ulendowo pa disiki, koma makinawo ankangowerenga, kulemba ayi. Ndinapukuta, ndinauzira, ndinasintha madisiki khumi ndi asanu, ndinatukwana. Zaka ziwiri zophunzira za magetsi sizinandithandize kanthu. Choncho ndinamata pepala pa waya, n'kulembapo OSAZIMITSA, ndipo makinawo anakhala akuyaka masiku khumi ndi asanu ndi anayi.

Loweruka cha m'ma leveni, amuna atatu ovala majekete a okonza zoziziritsira mpweya anatsika masitepe atanyamula makwerero. Makwererowo anali oti anthu asawakayikire. Anagunda nawo zikwangwani zinayi.

Kiyi anali pamalo ake. Analowa, natsitsa chitseko.

"Mphindi yoyamba," anatero Jenerale, akuyang'ana wotchi. "Chimimba, zula."

Chimimba anagwira waya, nawerenga pepala, naima.

"Bwana, akuti osazimitsa."

"Ndiwe wakuba kapena ndiwe mwana wasukulu? Zula!"

"Taimani kaye," anatero Maso Anayi, mphuno itatsala pang'ono kugunda kanema. "Iyi ndi gemu ya madala. Maola mazana atatu ndi khumi ndi awiri. Afika pachipata chomaliza, aise. Ine ndinagonja pachithaphwi chija."

"Nde?"

"Nde taonani mayina."

Ankhondo a m'gemumo anali anayi, ndipo bambo anawapatsa okha mayina. Wotsogolera anali Fai, ineyo. Wachiwiri anali Suk-yin, mayi anga. Wachitatu Jenerale. Wachinayi Maso Anayi. Amuna amenewa ali achichepere ankajomba kusukulu n'kumadzapanikizana pashopu pathu, ndipo anali bambo amene anawatcha mayinawo.

"Ine palibe?" anafunsa Chimimba, mawu atachepa.

"Ulipo. Ndiwe bulu wonyamula katunduyo."

Chimimba anamuyang'ana buluyo nthawi yaitali. "Amupatsa chishalo chagolide," anatero, akupukuta mphuno ndi mkono wa jekete.

Jenerale anatsokomola. "Tamverani. Ife ndi akuba, koma si zinyama. Munthu sazimitsa gemu ya mnzake asanaisunge. Tiikopera pa disiki, timusiyire mwanayo, ndiyeno tizula. Mphindi zisanu."

Maso Anayi anatola disiki imodzi mwa zimene ndinayesa, naitembenuza, naseka mpaka magalasi anagwa.

"Mwana wa kukoleji! Kakhomo kali kotsegula!"

Pakona pa disiki iliyonse pali kabowo kokhala ndi kotsekera kotsetsereka. Kakakhala kotsegula, makina salembapo. Bambo ankatsegula onse kuti magemu awo asafufutike. Aliyense wobadwa nthawi yawo amadziwa zimenezi monga amadziwira kumanga nsapato. Ine ndinabadwa madisiki atatha kale, ndipo bambo sanandiuzepo, mwina chifukwa sanaganize kuti pali munthu wosadziwa. Makinawo analibe vuto lililonse.

Apa pulani ikanatha bwino. Koma madisiki onse amene anawapeza anali odzaza, ndipo kuti alembepo anayenera kufufuta gemu imodzi.

"Fufuta iyi."

"Ya ankhonya? Mwapenga? Imeneyi inandiphonyetsa mayeso."

"Ndiye iyi."

"Bwana, muikhudze imeneyo tidana."

"Ya mpirayi?"

"Mukafufuta ya mpira ine ndikutuluka m'gululi," anatero Chimimba.

Madisiki analipo mazana anayi. Anawazenga mlandu imodziimodzi, ndipo onse anapezeka osalakwa. Wani koloko inakwana. Thu koloko inadutsa. Anagwirizana kuti pakufunika disiki yopanda kanthu, ndipo anagwedeza madirowa onse osaipeza.

Nthawi imeneyo n'kuti ine ndili kumanda kuphiri kuja, nditagwira zofukiza patsogolo pa chithunzi cha bambo, mayi akuyala nkhumba yowotcha ndi malalanje. Foni inalira.

"Ah-Fai? Ndine amalume ako Tong. Pepa ndi maliro. Kodi madala ankasunga kuti madisiki opanda kanthu?"

"M'chitini cha mabisiketi, kuseri kwa fani. Bwanji?"

"Tathokoza."

"Amalume, mukuimba muli kuti?"

Kenako ndinamva mawu a Jenerale chapatali: "Wamuimbira NDANI?" Foni inaduka. Nambala yake inali ya lamya ya m'shopu mwathu.

Tinakwera basi yobwerera kumsika. Sindinkaganiza za makinawo. Ndinkangoona dzanja la munthu pa waya uja. Mayi anaimbira apolisi atakumbatira nkhumba yawo.

Tinafika pamodzi ndi apolisi awiri. Mungaganize kuti mbavazo zinali zitathawa. Zinalidi zitayamba kuthawa, mpaka pamasitepe, koma Maso Anayi anakumbutsa anzake kuti disiki yoyamba ya m'chitini yakana chifukwa cha nkhungu, ndipo ntchito sinathe. Anabwerera. Tinawapeza atatu onse atagwada mozungulira makinawo, kanyali kobiriwira kakuphethira, disiki ikulira kuti krr, krr.

"Imirirani!" anakuwa wapolisi.

"Shh!" anatero Jenerale, osatembenuka. "Bwana, mutimanga, palibe vuto. Koma musagunde tebulo kanyali kasanazime."

Wapolisi wamkuluyo, bambo wa imvi m'mbali, anasuzumira pa kanema. "Imeneyi ndi ya mzinda wotayika ija?" anafunsa chapansipansi. Tonse tinadikira, anthu asanu ndi awiri, osapuma bwino. Kanyali kanazima.

Maso Anayi anatulutsa disikiyo, natsetsereza kotsekera kaja ndi chikhadabo kuti pasadzalembedwenso kanthu, naiika m'manja mwanga ndi manja awiri. "Kakhomo, mwana wa kukoleji," anatero. "Kakhomo basi."

Mayi anawayang'ana mmodzimmodzi. "Amuna aakuluakulu, pa tsiku la manda. Atengeni, bwana. Koma adye kaye, nkhumbayi ndi ya bambo a mwanayu, ndipo iwo sankadya okha."

Anadya ataimirira, Chimimba akulira ndi kutafuna nthawi imodzi. Powakweza masitepe, Jenerale anatembenuka n'kukuwa msika wonse ukumva: "Ukope awiri! Madisiki amenewo si okhulupirika!"

Ndinakopa atatu. Kenako ndinazimitsa makinawo ndi dzanja langa, ndinawerenga mpaka khumi, ndinayatsanso n'kulowetsa disiki. Zonse zinabwerera.

Gemuyo sindinaipitirize. Bambo anatisiya pachipata cha mzindawo, ine, mayi, mbava ziwiri ndi bulu, ndipo tidakali chiimire pomwepo.