Nkhosa, Chisoti ndi Pemphero

Lolemba
Lemba, Roza mwana wanga, iwe unaona sukulu. Lemba mmene nikambira, usakonze.
Asisita a kuchipatala cha mishoni achoka pa Sondo, abwerera kwao kutsidya la nyanja. Ndiwo anapoletsa chilonda cha pamwendo panga, chija anthu anali kuthawa fungo. Chinyanja achidziwa pang'ono chabe. Nifuna niwathokoze m'chizungu chao, pakamwa panga ine, osati pako. Zinthu zitatu basi:
zikomo ni mtima wonse,
muyende bwino pa sitima,
nizakupemphererani.
Mpaka Sondo nizakhala mzungu.

Lachiwiri
Tiyamba ni sitima ya pamadzi. Roza akuti ship. Ine nikuti shiipi. "Ayi amama, iyo ni nkhosa!" Akuti sheep ni nkhosa, ship ni sitima, kusiyana kwake ni kukoka mlomo pang'ono chabe. Mayo ine! Malemu atate ako anati anapita kunkhondo pa shipi. Nanga anakwera chiti?

Lachitatu
Nili pa khola la mishoni kuyesa. Shipi, shiipi, shipi. Nkhosa ziniyang'ana zonse, ndiye kuti zimva dzina lao. Woweta afunsa ngati nadwala mutu. Sitima naileka. Ayende pa chilichonse, bola afike.

Lachinayi
Mtima. Akuti heart. Nikuti hati, bwinobwino. Roza aseka mpaka kugwetsa pensulo. Akuti mu hati wangayo muli:
chisoti,
kanyumba ka udzu,
kutentha,
kupweteka,
ni mtima womwe.
Zonsezo m'kaliu kamodzi! Ndipo mzungu akamva adziwa chiti ni chiti, osafunsa! Makutu a anthu awa Mulungu anawaumba tsiku lake lokha. Sininganene zikomo ni chisoti chonse kwa munthu wovala nsalu kumutu. Mtima nauleka.

Lachisanu
Chatsala chimodzi, chachikulu. Pray, kupemphera. Play, kusewera. Ine nimva pule, pule. Roza atsegula kukamwa kuti nione: pa lina lilime lipinda, pa lina ligunda kuseri kwa mano. Mano ati? Anatha kale!
Koma taganiza iwe. Kupemphera ni kusewera, pakati pake kansonga ka lilime chabe, ndipo iwo ayenda pamenepo tsiku ni tsiku osagwa. Zodabwitsa!

Loweruka
Lilime latupa. Roza akuti ngakhale dzina lake nililakwa kuyambira pa ubatizo, ati nimuitana Loza. Nakubala ine, lero uniuza dzina lako? Lemba zimenezo.
Usiku mapemphero anga a kolona nichita m'Chinyanja. Kumeneko sinisewera.

Sondo
Misa yatha. Lole yaima, katundu ali pamwamba. Nigwada, niomba m'manja.
"Sisita, ayi pule fo yu."
Roza abisa nkhope m'chitenje. Chiti chatuluka, sinidziwa.
Asisita misozi mbwee. Anigwira manja onse awiri, ayankha m'Chinyanja, mokweza, anthu onse akumva: "Amai, nizakukumbani masiku onse."
Akatekisi aluma mlomo kuti asaseke. Roza anong'ona, "Afuna kunena kuti nizakukumbukani." Nidziwa, koma siniwakonza.
Basi. Ine nizawasewerera, iwo azanikumba. Tseka buku, Loza, nipite kumunda. Mwendo suwawa.