Dzina Ndinalisiya M'dengu

Lolemba
Makeke anga akhala ndi webusaiti! Kawale yonse indidziwa. Pa tsamba logulitsa mayina a pa intaneti ndalemba dzina la bizinesi yanga, akuti lilibe mwini. Ndaliika m'dengu la pa tsambalo, moika zimene ukufuna kugula. Kulipira ndilipira m'kati mwa sabata, palibe chothamangira. Kumsika ndikauza wakaunjika kuti andisungire diresi, amasunga ngakhale mpaka Loweruka. Nanga kampani yaikulu chonchi ingalephere?

Lachiwiri
Abambo Jafali, olemba zikwangwani, alemba adiresi ya webusaiti pakhoma lakumsewu. Zilembo zofiira, zooneka uli m'minibasi. Ndajambula, ndaponya pa gulu lathu la ophika makeke. Mayi a Tiyamike a ku Area 23 ndiwo oyamba kuyankha: "Dzina lokoma asisi, mwalipira kale?" Ndati lili m'dengu. Anthu achikondi alipobe.

Lachitatu
Ndikuyesa kulipira. Ndisanafike polipira pomwe, akundifunsa ngati ndikufunanso:
imelo ya bizinesi,
chobisa dzina langa (ndibisirenji, ndikufuna kutchuka),
chitetezo,
chitetezo china cha chitetezo chija.
Ndavomera zonse, kukana munthu kanayi ndi mwano. Kenako ndafufuta zonse nditaona mtengo.
Akufuna dzina la msewu ndi nambala ya nyumba. Ndalemba "kuseri kwa chigayo, geti yobiriwira". Akana. Akutinso nditsimikize kuti sindine loboti posankha zithunzi za mabasi. Ndalephera kawiri. Bandulo yatha.

Lachinayi
Khadi yakanidwa. Katatu. Ndapita kubanki, mzere mpaka panja. Mtsikana wa pakauntala akuti, "Mayi, khadi yanu siyinatsegulidwe kugulira zakunja." Zaka zonsezi ndimayenda nayo monyada, osadziwa kuti imathera pa Mchinji. Aitsegula. Pofika kunyumba magetsi azima, foni yazimanso. Sindikudandaula, katundu wanga ali m'dengu.

Lachisanu
Magetsi alipo, bandulo ilipo, khadi ili bwino. Mabasi ndasankha onse osaphonya. M'dengu mulibe kanthu. Ndalembanso dzina, akuti lili ndi mwini. Mwini wake ndani, si ine? Ndafunafuna poti ndidandaule, ndapeza kabokosi kocheza. Kayankha mwaulemu kwambiri kuti dengu silisunga, dzina ndi la amene wayamba kulipira. Ndakafotokozera za wakaunjika. Kandifunsa ngati ndakhutira ndi thandizo.

Loweruka
Ndatsegula adiresi ili pakhoma langa. Makeke. Okongola, koma si anga. Pansi pake nambala ya Mayi a Tiyamike. Ndawaimbira. "Asisi, ine dzinalo ndinalipeza lili poyera, ndinkaganiza mwasintha maganizo." Ndafuna kukalipa, koma pakamwa patuluka "chabwino, moni kunyumba". Ndine chitsiru chaulemu. Abambo Jafali akuti ali ku maliro ku Njewa, kufufuta khoma ndi sabata yamawa.

Lamulungu
Potuluka m'tchalitchi, Amayi Nyirenda, kasitomala wanga wa zaka zisanu, andigwira dzanja pamaso pa amayi onse amvano. "Keke ya dzulo ija tinaitanitsa pa webusaiti yanu, koma ndiye mwaonjeza luso! Simunaphikepo yokoma chonchi." Amayi ena atatu akuti adiresi aikopera kale pakhoma. Mtima ukuwawa, sindibisa. Ndamwetulira, ndati zikomo, timayesetsa.